Tanthauzo la mawu akuti parametric

Mawuwa amachokera ku parameter, nambala kapena muyeso umene umalamulira maonekedwe a chinthu. Wojambula mapulani mwa njira ya parametric sajambula mzere uliwonse ndi dzanja koma amaika malamulo. Akalamula kuti mizati italikirane mamita 3, kenako n'kutalikitsa khoma, kompyuta imawonjezera yokha mizati yotsalayo.

Pulogalamu yotchuka pa ntchitoyi ndi Grasshopper, yopangidwa ndi David Rutten wa kampani ya Robert McNeel & Associates. Inatuluka mu 2007 ndipo imagwira ntchito mkati mwa pulogalamu ina yotchedwa Rhino. Munthu amalumikiza timabokosi ndi tizingwe pa sikirini, nambala n'kumayenda kuchoka m'kabokosi aka kupita m'kena.

Fayilo ikakula, tizingweto timapiringizana ngati ukonde, moti wolandira ntchito ya mnzake amasowa poyambira. Mwayi wake ngwakuti fayilo ya Grasshopper ya mtundu wa .ghx imasungidwa mu kalembedwe kotchedwa XML, choncho pulogalamu ina ingathe kuiwerenga yokha, kutchula kabokosi kalikonse, kumene kakulandira nambala ndi kumene kakuzitumiza. Kalembera wotereyu ngwofunika kwambiri, chifukwa malamulo odziwika kwa munthu mmodzi yekha amachoka naye limodzi akasiya ntchito.