Madroni pa Misonkhano ya Mpingo: Zimene Woulutsa Ayenera Kudziwa

Masiku ano pa maukwati, pa maliro ndi pa misonkhano ya cigawo timaona tindege ting'onoting'ono tojambula zithunzi, tochedwa madroni. Ngakhale ioneke ngati coseweretsa, droni ndi ndege pamaso pa lamulo. Bungwe la Zambia Civil Aviation Authority ndilo limayang'anira kaulutsidwe kake, ndipo limapereka laisensi yochedwa Remote Pilot Licence kwa amene waphunzira ndi kupambana mayeso a zolemba ndi a kuulutsa. Talemba pano mbali zitatu za maphunzirowo, kuti akulu a mpingo adziwe zofunsa asanalole munthu kuulutsa pa malo athu.

Citetezo ca anthu

Mapiko a droni amazungulira mwamphamvu moti angaceke nkhope kapena diso. N'cifukwa cake woulutsa amaphunzitsidwa kusadutsa pamwamba pa khamu la anthu, kupatula malo onyamukira ndi otera, ndiponso kuiona droni ndi maso ake nthawi zonse, osadalira cithunzi ca pa foni.

Amaphunziranso za nyengo. Mphepo ya mu August ndi September ingakankhire droni kutali. Lusaka ili pamtunda wopitirira mamita 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, kumene mpweya ndi wopepuka. Kukatentha mu October umapepukiratu, injini zimagwira nchito molimba, ndipo batire imatha msanga. Batire yotupa kapena yosiyidwa m'galimoto padzuwa ingayake moto.

Mlengalenga muli eni ake

Malire odziwika ndi mafiti 400, kapena kuti mamita 120, kucokera pansi. Pamwamba pa apo ndi njira ya ndege zonyamula anthu. Pafupi ndi bwalo la ndege, ndegezo zimatsika kwambiri, conco kuulutsa kumeneko kumafuna cilolezo. Izi zikhudza mipingo yoyandikana ndi mabwalo a Kenneth Kaunda ku Lusaka, Simon Mwansa Kapwepwe ku Ndola, Harry Mwaanga Nkumbula ku Livingstone, ndi la ku Mfuwe. Tisaiwale City Airport, imene ili m'kati mwenimweni mwa Lusaka, pafupi ndi Longacres. State House, malo a asilikali ndi ndende nawonso si malo oulutsirapo. Woulutsa wophunzira amawerenga mapu a ndege ndi zilengezo zochedwa NOTAM asananyamuke panyumba.

Nkhaniyi si yaing'ono. Mu December 2018, bwalo la Gatwick ku Britain linatsekedwa anthu atanena kuti aona madroni, ndipo maulendo a ndege pafupifupi 1,000 anasokonezeka Khirisimasi ili pafupi.

Cinsinsi ca mnansi

Kamera ikakwera, imaona kuseri kwa mipanda: bafa la panja, wodwala amene wagona pakhonde, ana akusamba. Gawo 17 la malamulo aakulu a dziko limateteza cinsinsi ca nyumba ya munthu. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limawerengera cithunzi cimene munthu angazindikirikepo monga uthenga wa mwini wake, ndipo za mwana zimafuna cilolezo ca kholo kapena womusunga. Motero tilengeze pasadakhale kuti padzajambulidwa, tipemphe banja lofedwa tisanajambule maliro, ndipo tisaike pa Facebook zimene kamera yatola m'nyumba za oyandikana nafe.

Zofunsa tisanavomere

Tione laisensi ya woulutsa ndi umboni wakuti droni inalembetsedwa. Tifunse ngati ali ndi inshuwalansi yolipira wovulala, kumene adzanyamukira, ndi amene adzasunga zithunzi pambuyo pake. Wacinyamata wathu amene akufuna kuyamba nchitoyi timulimbikitse kukaphunzira pa sukulu yovomerezedwa ndi bungweli.

Pa Deuteronomo 22:8, womanga nyumba analamulidwa kuika kampanda pa denga kuti munthu asagwe. Amene waitana anthu ndiye ayenera kuwateteza, ndipo pa misonkhano yathu oitana ndife.