Zifukwa Zimene Nkhuku Zoweta Pakhomo Zimacepetsera Kuikira Mazira

M'komboni ya Marapodi, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, ndiponso m'makomboni oyandikana nayo monga Mandevu, Chaisa ndi Chipata, mabanja ambiri amaweta nkhuku zoikira mazira kuseri kwa nyumba, m'makola aang'ono a malata omangidwa mogundana ndi cipupa. Mazirawo ndi ndiwo ya ana, ndipo otsala amagulitsidwa pa kantemba kuti papezeke ndalama ya makala ndi ya thumba lina la cakudya ca nkhukuzo. Motero pamene thireyi imene inali kudzala tsiku lililonse iyamba kutenga masiku awiri, banja lonse limamva kuwawa kwake. Ambiri amathamangira kugula mankhwala, koma kawirikawiri vuto limakhala m'cakudya, m'madzi, m'nyengo kapena mu msinkhu wa nkhukuzo, osati m'matenda.

Coyamba ndi kudziwa mtundu wa nkhuku imene muli nayo. Nkhuku za mazira zogula ku makampani oswetsa anapiye, monga za mtundu wa Lohmann Brown ndi Hy-Line, zimayamba kuikira zikakwanitsa masabata 18 mpaka 20, ndipo zikasamalidwa bwino imodzi ingathe kuikira mazira pafupifupi 300 m'caka cake coyamba. Nkhuku ya kumudzi siyotero. Imaikira mazira 10 mpaka 15, kenaka imaleka kuti ikhalire mazirawo masiku 21 ndi kulera anapiye, kotero kuti pa caka imapereka mazira 40 mpaka 60 cabe. Mwini wake asaiimbe mlandu, ndico cibadwa cake. Tambala nayenso alibe mlandu: thadzi limaikira ngakhale pakhomo palibe tambala, iye amafunika pokhapo mufuna kuti mazira aswe.

Cakudya ndico cimake ca nkhani

Nkhuku imodzi yoikira imafuna magalamu 110 mpaka 120 a layers mash tsiku lililonse. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Nkhuku 20 zimadya makilogalamu 2.4 patsiku, ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 liyenera kutha m'masabata atatu. Ngati thumbalo likukwanitsa mwezi wathunthu kapena kupitirira, musadzitame kuti mwasunga ndalama: nkhuku zanu zikugona ndi njala. Thupi la nkhuku limayamba ladzisamalira lokha, ndipo dzira limapangidwa ndi cakudya cimene catsalapo.

Cizolowezi cina cofala m'makomboni ndi kusakaniza layers mash ndi gaga kuti thumba likhalitse. Cizolowezi cimeneci cinakula mu 2024, pamene cilala cinaononga cimanga m'madera ambiri a dziko lino, mpaka Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February caka cimeneco kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Mtengo wa cimanga utakwera, wa cakudya ca ziweto unatsatira. Koma gaga sangalowe m'malo mwa layers mash. Cakudya ca nkhuku zoikira cimakhala ndi magawo 16 mpaka 18 pa 100 a zomanga thupi, pamene gaga ali ndi magawo pafupifupi 10 okha. Mukasakaniza theka ndi theka, zomanga thupi zimatsika kufika pa magawo 13 kapena 14, ndipo laimu wopangira cigoba ca dzira amatsika ndi theka. Nkhuku zimaoneka zokhuta, zina zimanenepa ndithu, koma mazira amacepa ndipo amakhala aang'ono.

Za laimuyu nzofunika kuzimvetsa. Cigoba ca dzira limodzi cimatenga pafupifupi magalamu 2 a calcium, ndipo nkhuku iyenera kudya pafupifupi magalamu 4 patsiku kuti ikwanitse. Ikasowa, imayamba kumcotsa m'mafupa ake. Zizindikiro zake ndi mazira a zigoba zofewa, nkhuku zolephera kuimirira, ndi nkhuku zojompha mazira ao omwe. Laimu woyenera ndi uja wa ziweto wogulitsidwa m'masitolo a alimi. Laimu womangira ndi wopakira nyumba ndi wina, ameneyo amaocha ndipo sayenera kupatsidwa kwa nkhuku. Amene amadzisakanizira okha cakudya angaonjezere soya wokazinga, zotsala pofinya mafuta a mpendadzuwa, fumbi la kapenta pang'ono ndi masamba obiriwira. Soya wamuwisi amalepheretsa cakudya kugayika bwino m'mimba mwa nkhuku.

Samalaninso posungira. Thumba loikidwa pansi pa simenti m'nyengo ya mvula limacita nkhungu, ndipo nkhungu zina zimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amaononga ciwindi ndi kucepetsa mazira. Mu August 2024 Unduna wa za Umoyo unalengeza kuti poizoniyu anapezeka m'zakudya zina zopangidwa ndi cimanga, agalu pafupifupi 400 atafa. Cakudya cogwirana mibulu kapena conunkha cinyontho citayidwe.

Madzi ndi kutentha

Pafupifupi magawo atatu mwa anai a dzira ndi madzi. Nkhuku imamwa madzi olemera kuwirikiza kawiri cakudya cimene yadya, ndiye kuti nkhuku 20 zimafuna malita osacepera 5 patsiku, ndipo m'mwezi wa October zingamwe kuwirikiza kawiri pamenepo. M'makomboni momwe madzi amatungidwa pa mpope wa onse, nkosavuta kuti comwera ciume masana mwini wake ali ku msika. Maola ocepa opanda madzi ndi okwanira kusokoneza kuikira kwa masiku angapo.

Nkhuku imakhala bwino pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 18 ndi 24. Mu October ndi November mu Lusaka kumapitirira madigiri 30, ndipo m'khola la malata lalifupi mumatentha koposa panja. Nkhuku ilibe thukuta. Imatsegula mlomo, kupuma mwawefuwefu ndi kutambasula mapiko, ndipo imacepetsa kudya. Kupuma kotereku kumasintha magazi ake kotero kuti zigoba zimapyapyala ngakhale laimu alipo m'cakudya. Cothandiza ndi kuyala udzu pamwamba pa malata, udzu umene umapezeka ku msika wa Buseko, kutsegula mbali za khola ndi kuikamo waya kuti mphepo idutse, kuika comwera pa mthunzi, ndi kupereka cakudya cambiri m'mamawa ndi madzulo kukazizira.

Kuwala

Ici ndi cifukwa cimene ambiri sacidziwa. Thupi la nkhuku limayendera kutalika kwa usana, ndipo kuti iikire mokwanira imafuna kuwala kwa maola 14 mpaka 16 patsiku. Mu Lusaka usana ndi wa maola pafupifupi 13 mu December ndipo umatsika kufika pa maola 11 mu June. Ndico cifukwa mazira amacepa nthawi ya cisanu pa makomo amene sayatsa nyale m'khola. Ngakhale amene amayatsa anaona zovuta mu 2024, pamene madzi anacepa m'damu la Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ofika 20 patsiku m'madera ena. Nkhuku yozolowera kuwala kwa maola 16 ikabwezedwa mwadzidzidzi pa maola 12 imacepetsa kuikira, mwinanso kuyamba kuthothoka nthenga. Nyale yaing'ono ya sola ndi yokwanira, malinga ngati munthu angathe kuwerenga nyuzipepala pamene pali codyera, ndipo iziyatsidwa ndi kuzimitsidwa pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse.

Ukalamba ndi kuthothoka nthenga

Nkhuku imaikira kwambiri ikakhala ndi masabata 25 mpaka 35, kenaka mazira amacepa pang'onopang'ono. Mafamu aakulu amagulitsa nkhuku zao zikatha caka ndi theka kapena kupitirirapo, ndipo zimenezi ndizo zimachedwa ma off-layer pa msika. Nzabwino mu mphika. Wozigula kuti akawete asayembekezere thireyi yodzala. Nkhuku yothothoka nthenga imapumula masabata 8 mpaka 12 isanayambirenso.

Pali njira yodziwira thadzi limene likudya cabe. Ligwireni madzulo ndi kuika zala pakati pa timafupa tiwiri tosongoka ta pafupi ndi potulukira dzira. Pakalowa zala ziwiri kapena zitatu, likuikira. Pakalowa cala cimodzi, ndipo kanyama kofiira ka pamutu kafota ndi kutuwa, thadzilo laleka.

Tizilombo, akuba ndi matenda

Utitiri umayamwa magazi, nsabwe zimaluma, ndipo zonsezi zimasowetsa nkhuku tulo. Tina timabisala m'ming'alu ya mitengo masana, conco kafufuzeni usiku ndi toci. Njoka za m'mimba zimadya cakudya cimene mwagula ndi ndalama zanu. M'nyengo ya mvula, makamaka kumalo kumene madzi amaima monga Kanyama ndi mbali zina za Chawama, utuci wa m'khola umanyowa, zitosi zimatulutsa mpweya woyabwa m'maso, ndipo matenda a kamwazi wa nkhuku amabuka. Nthawi zinanso nkhuku zimakhala zikuikira bwinobwino, koma mazira akutha ndi makoswe, agalu, akhwangwala, kapena wa miyendo iwiri amene amadziwa nthawi imene mwini nyumba amacoka. Tolani mazira kawiri kapena katatu patsiku musanagamule kuti nkhuku zaleka.

Nthenda yoopsa koposa zonse ndi cideru, ena amati citopa, imene madokotala a ziweto amaicha Newcastle. M'dziko muno inapezeka koyamba ku Mazabuka mu 1952. Mazira amatsika mwadzidzidzi, ena amatuluka opindika kapena opanda cigoba, nkhuku zimatsokomola, kutsegula m'mimba zobiriwira, kupotoka khosi ndi kufa zambiri m'masiku ocepa. Ilibe mankhwala ociritsa, ndipo makapisozi a anthu amene ena amasungunula m'madzi a nkhuku sagwira kacirombo kameneka. Citetezo ndi katemera, wodonthezera m'diso kapena wothira m'madzi akumwa, wobwerezedwa miyezi itatu kapena inai iliyonse kwa nkhuku zimene zili bwino. Nkhuku yatsopano yocokera ku msika wa Soweto kapena ya mphatso yocokera kumudzi ikhale payokha masabata awiri isanalowe m'khola.

Ngati nkhuku zayamba kufa, dziwitsani a ofesi ya za ziweto ya m'boma lanu, imene ili pansi pa Unduna wa za Nsomba ndi Ziweto. Nkhuku yakufa ingathe kupimidwa ku sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa yunivesite ya Zambia, m'mbali mwa mseu wa Great East, kapena ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral, m'dera la Chilanga. Katemera ndi mankhwala a njoka za m'mimba amapezeka ku Livestock Services mu Showgrounds ndi m'masitolo ena ovomerezeka. Pa mankhwala alionse amene dokotala walamula, werengani pa cikalata cake masiku amene mazira sayenera kudyedwa kapena kugulitsidwa, ndipo mazira a masiku amenewo akwiriridwe pansi.