Buku Lalikulu ndi Chingerezi cha Ana a ku Mzimba

Pamene Donald Fraser ankakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, mwana wa sukulu ya kumudzi ankayamba ndi zilembo za chinenero cha kwawo. Ankalemba pansi ndi chala, kenako pasileti. Chingerezi chinkadikira makalasi a kutsogolo, ndipo ochifikira anali ochepa.

Zinthu zinatembenuka mu 1968, boma la Kamuzu Banda litasankha Chichewa ndi Chingerezi kukhala zinenero za dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa m'kalasi. Kuyambira pamenepo mwana wa kwa Mabilabo, kwa Khosolo kapena pa boma pa Mzimba amafika kusukulu ndi Chitumbuka cha kunyumba, n'kupeza zinenero ziwiri zachilendo zikumudikira. Mtolo umenewu ndi wolemera kwa mwana wa zaka 6, ndipo ambiri okonza maphunziro amauiwala.

Chimene chingapeputse mtolowu ndi buku lalikulu la zithunzi, limene linabadwira kutali, ku New Zealand. Don Holdaway anaona kuti ana amene makolo amawawerengera nthano atawakhazika pamwendo savutika kuphunzira kuwerenga. Choncho anakulitsa buku kuti kalasi yonse ione chithunzi ndi mawu nthawi imodzi, ndipo njirayi anaifotokoza m'buku lake la mu 1979. Mu 1980 Warwick Elley ndi Francis Mangubhai anayesa kuwerenga pamodzi kotereku m'sukulu za kumidzi ku Fiji, kumene ana salankhula Chingerezi kunyumba. Ana owerenga nthano anawasiya kutali anzawo ongobwereza ziganizo.

Kuno kwathu kufunika kwake kunaonekera mu 1994. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, mabuku osakwana, makalasi ena pansi pa mtengo. Aphunzitsi anauzidwa kudzipangira zophunzitsira ndi zimene zili pafupi, njira yotchedwa TALULAR. Wakhama amasoka makatoni ndi ulusi wa thumba, n'kujambula ng'ombe ndi ngolo, pansi pake chiganizo chimodzi cha zilembo zazikulu.

Muoneni mphunzitsi wotere mu Sitandade 1. Wanyamula buku pachifuwa, mawu wawaphimba ndi dzanja, akufunsa m'Chitumbuka kuti, "Ichi ntchivichi?" Ana akuyankha mopikisana, ngakhale wa kumbuyo kwenikweni. Akachotsa dzanja, kamtengo kake kamayenda pansi pa mawu a Chingerezi kuchokera kumanzere kupita kumanja, ana akumutsatira. Tsamba lisanatembenuke amawafunsa chimene chichitike. Pakutha pa sabata nthanoyo aidziwa, ndipo ayamba kuloza okha mawu amene akubwerezedwa.

Ndondomeko ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, inabweretsa mabuku atsopano a Chichewa ndi Chingerezi m'makalasi oyambirira, ndipo imeneyo ndi ntchito yotamandika. Komabe kuphunzira maliwu a zilembo pakokha sikumpatsa mwana nthano yoti aikonde. Pempho langa kwa akuluakulu a ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndi ophunzitsa aphunzitsi ku koleji ya Loudon n'lakuti kalasi iliyonse yoyambirira ikhale ndi mabuku akuluakulu, okhala ndi zithunzi za ng'ombe, ingoma ndi msika wa Jenda, ndipo mphunzitsi asaletsedwe kufotokoza zithunzizo m'Chitumbuka.