Ng'anjo za ku Kasungu: kumene khasu linkabadwira

Fodya asanatchukitse Kasungu, dera lino linkadziwika ndi chitsulo. M'tchire la Kasungu National Park komanso kwa Mfumu Chulu mudakali ng'anjo zakale zoumbidwa ndi dothi, zina zotalika kuposa munthu. M'menemo ndi momwe makolo ankasungunula miyala kuti apeze chitsulo cha makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mivi.

Ntchitoyi inali ya m'chilimwe, anthu atakolola. Amuna ankawotcha makala, kukumba miyala yofiira yokhala ndi chitsulo, n'kuziika m'ng'anjo mosanjikiza, makala pansi, miyala pamwamba, makalanso. Ng'anjo yaikuluyi sinkafuna mvukuto. M'munsi mwake ankalowetsamo mapaipi adothi, ndipo moto ukakolera, ng'anjoyo inkadzikokera yokha mpweya usana ndi usiku. Popeza miyala ya kuno ili ndi chitsulo chochepa, zotulukamo ankazipsetsanso m'kang'anjo kakang'ono kopemerera ndi mvukuto. Atatero m'pamene wosula ankatenga nyundo.

Panalinso miyambo yake. Ng'anjo ankaimanga kutali ndi mudzi ndipo ankaitsirika ndi mankhwala. Osungunula sankagona ndi akazi awo mpaka ntchito itatha, poopa kuti chitsulo chingakanike. Ng'anjoyo ankaiona ngati mayi woyembekezera, chitsulo n'kukhala mwana wake.

Lusoli linafooka m'nthawi ya atsamunda. Makasu a m'sitolo anachuluka, anyamata ambiri anapita kukagwira ntchito ku Harare ndi ku Joni, ndipo pofika m'ma 1930 moto wa ng'anjo unali kuzima. Boma litakhazikitsa paki mu 1970, ng'anjo za m'katimo zinapulumuka. Kunja kwa paki, minda ndi maesiteti a fodya zinkakula, mitengo n'kumathera m'mabalani owotchera fodya, ndipo ng'anjo zambiri zinatsala pambalambanda, mvula n'kumazigumula.

Mwayi unalipo m'zaka za m'ma 1980, pamene katswiri wofufuza zakale David Killick anakhala pansi ndi nkhalamba zomwe zinasungunulako chitsulo zili anyamata. Zomwe zinamuuza n'kumuonetsa anazilemba m'kafukufuku wake wa ku yunivesite ya Yale mu 1990, wofotokoza za ntchitoyi kuyambira 1860 mpaka 1940. Vuto n'lakuti zolembazo zili m'Chingerezi, kutali ndi zidzukulu za eni luso.

Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamulemekeza mu 2005, akuvinidwabe chifukwa ali ndi madambwe ophunzitsira achinyamata. Ng'anjo ilibe dambwe. Ikagwa, palibe wodziwa kuiumbanso.

N'chifukwa chake mafumu a m'bomali ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ayenera kuwerenga ng'anjo zotsala, kuzimangira madenga, ndi kumasulira kafukufuku uja m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Aphunzitsi azitengera ana kumeneko, akagwire dothi lopsalo ndi manja awo, adziwe kuti agogo awo sankadikira sitolo kuti alime.