Mutu wa Macbeth ndi Bango la ku Kambwe

Sewero la Macbeth, limene William Shakespeare adalemba cha m'ma 1606, ndipo ana athu a ku sekondale akhala akuliŵerenga pokonzekera mayeso, limatha moziziritsa mtima. Kazembe wa nkhondo amene adapha mfumu yake Duncan, mfumuyo ili mtulo m'nyumba mwake mwa kazembeyo ngati mlendo, nayenso aphedwa. Mutu wake auonetsa kwa anthu, ndipo Malcolm, mwana wa malemuyo, alongedwa ufumu. Woonerera amabwerera kwawo akukhulupirira kuti choipa chinali ndi mwini wake mmodzi, ndi kuti popeza mwiniyo wafa, dziko lapola. Tsono kodi mbiri ya anthu imavomereza mathero otere?

Tiyambe tavomereza zimene seweroli lidaona bwino. Afiti atatu aja sadamgwiritse Macbeth mpeni. Iwo adangolosera kuti adzakhala mfumu. Zotsalazo adachita yekha ndi mkazi wake, atalingalira, atazengereza, akudziŵa kuti nkulakwa. Kwathu kuno, kumene tsoka lililonse timafulumira kulifunira mfiti, mfundo imeneyi njoŵaŵa. Ndiponso tchimo loyamba lija lidabala anzake. Pobisa imfa ya Duncan adapha alonda. Poopa ulosi adaphetsa bwenzi lake Banquo. Potsiriza adaphetsa mkazi ndi ana a Macduff popanda phindu lililonse. Tulo tidamthaŵa, mkazi wake adasokonezeka mutu namasamba m'manja usiku, ndipo pomva za imfa ya mkaziyo Macbeth sadathenso kulira. Augustino Woyera adaphunzitsa kuti choipa si cholengedwa ayi, koma kusoŵa kwa chabwino chimene chinayenera kukhalapo. Macbeth tikumuona akutha m'kati ngati mzati wodyedwa ndi chiswe, kunja ukuonekabe uli chilili.

Koma Macbeth wa m'mbiri anali wina. Adalamulira Scotland zaka 17, kuyambira 1040 mpaka 1057. Duncan sanali nkhalamba yofatsa yophedwa pa mphasa, koma mfumu yachinyamata imene idafera ku nkhondo pafupi ndi Elgin. M'chaka cha 1050 Macbeth adapita ku Roma pa ulendo wachipembedzo nagaŵira amphaŵi ndalama, chinthu chimene mfumu ya dziko losakhazikika sikadayerekeza kuchita. Malcolm atamupha ku Lumphanan, mwazi sudaleke pomwepo: chaka chotsatira adaphanso Lulach, mwana wopeza wa Macbeth, amene adaaloŵa ufumu. Shakespeare adatenga nkhaniyi m'buku la Holinshed, mmene Banquo ndi mnzake wa Macbeth pa chiwembu. Koma popeza mfumu James, imene inkasamala gulu lake la zisudzo, inkati ndi mdzukulu wa Banquo, mlembiyo adamsambitsa Banquo nasenzetsa Macbeth katundu yense.

Lumphanan sali kutali ndi Aberdeen, kwawo kwa Dotolo Robert Laws, amene mu 1894 adakhazika mishoni ya Livingstonia pa Khondowe. Ambiri mwa anthu oyandikana nawo kumeneko, a m'chigwa cha Henga, mmene muli Mhuju, anali atangotuluka m'sewero lawolawo, loposa la pa nsanja.

Angoni a M'mbelwa adaloŵa m'chigwachi cha m'ma 1855, nagonjetsa eni dziko, natenga anyamata ao kuwaphunzitsa nkhondo ya chishango ndi nthungo. Patapita zaka ngati 25 ogonjetsedwawo adaukira. Ku phiri la Hora Atumbuka a Baza Dokowe adaphedwa ochuluka cha m'ma 1880. Ufumu wa Chikulamayembe ku Nkhamanga udazima. Ndipo gulu la Ahenga lotsogozedwa ndi Kanyoli lidathaŵira kumpoto, ku dziko la Angonde, kumene lidapatsidwa malo. Kufikira apa Ahenga ndi anthu olakwiridwa, ndipo palibe amene angawakanize chifundo.

Kenaka kudafika Mlozi, wamalonda wa minyanga ndi akapolo, amene dzina lake m'zilankhulo zina za kuno limamveka ngati mfiti. Adamanga linga ku Mpata, anzake Kopakopa ndi Msalemu namanga ao chapafupi, ndipo mu 1887 adadzitcha Sultani wa dziko la Angonde. Iye ankasoŵa asilikali. Othaŵa kwao aja, odziŵa nkhondo ya Chingoni, ankasoŵa dziko lakuti nkulitcha lao. Adagwirizana. Kumapeto kwa chaka chomwecho Angonde ambiri adabisala m'bango la ku dambo la Kambwe, kumpoto kwa Karonga. Bangolo lidatenthedwa, ndipo othaŵa moto adakumana ndi mfuti, mikondo ndi ng'ona. Akazi ndi ana otsala adatengedwa ukapolo.

Apa mpamene sewero ndi mbiri zisiyana. Macbeth adapha mlendo wake, ndipo tikudziŵa woti timuloze chala. Ku Kambwe alendo ena adathandiza kupha eni mudzi amene adawalandira, koma alendowo anali ndi zipsera zao za nthungo, ndipo luso limene adagulitsa kwa Mlozi adaliphunzira kwa amene adawagonjetsa. Angoni nawonso anali othaŵa nkhondo za kumwera, amene adaoloka Zambezi mu 1835. Choipa chidayenda dzanja ndi dzanja ngati muuni, aliyense wouponya ali wopsa kale. Izi sizichotsa mlandu pa wina aliyense. Monga afiti sadamkakamize Macbeth, Mlozi naye adangolonjeza, ndipo amene adamvera adasankha okha. Chovuta nchakuti woweruza mlandu wotere sangaupeze m'mutu umodzi wakuti audule.

Komabe mutu udapezeka. Nkhondo ya kampani ya African Lakes, mmene Monteith Fotheringham ndi Frederick Lugard adamenya nawo, idalephera kugwetsa malinga aja. Koma mu Disembala 1895 Harry Johnston adabwera ndi asilikali ndi mizinga, naphwanya linga la Mpata, namasula akapolo oposa 500, ndipo Mlozi ataweruzidwa adapachikidwa. Kuti ukapolo udatha nchinthu chabwino chosakanika. Koma ngati Malcolm, wopambanayo adadza ndi zake: boma latsopano, msonkho wa nyumba, ndi ulendo wa amuna a m'chigwa cha Henga wokafuna ndalama ya msonkhowo ku migodi ya ku Harare ndi ku Joni. Ndipo monga mbiri ya Macbeth idafika kwa Shakespeare kudzera mwa olemba a pansi pa zidzukulu za Malcolm, nkhani ya Mlozi ambiri adaimva m'buku la Johnston yemweyo, lotuluka mu 1897. Ufumu wa Chikulamayembe udadzutsidwanso mu 1907, boma la atsamunda litavomereza. Ena mwa Ahenga adabwerera m'chigwa chao. Ena adatsala ku Karonga, kumene zidzukulu zao zimalima mpunga moyandikana ndi zidzukulu za anthu a ku Kambwe.