Kuchokera pa handulo kufika pa kompyuta: mbiri ya galimoto yokana kulira

Galimoto zoyambirira zinalibe kiyi yolizira injini. Cha m'ma 1900, dalaivala ankapita kutsogolo kwa galimoto, kulowetsa handulo yachitsulo pabowo la m'munsi, n'kuipukusa ndi mphamvu zake zonse mpaka injini igwire. Asanatero ankayenera kukoka kachitsulo kochedwetsa moto wa mapulagi. Akaiwala, petulo ankayaka pisitoni isanafike pamwamba, injini n'kuzungulira chobwerera, handulo n'kumuwomba pamkono. Ovulala anachuluka moti kuthyoka kwa fupa la pamkono, cha m'munsi mwa chala chachikulu, madokotala anakupatsa dzina la madalaivala. Odziwa ntchito ankagwira handulo chala chachikulu chili mbali imodzi ndi zinzake, kuti ikabwerera ipulumuke m'dzanja.

Ku Detroit, m'dziko la America, kumakambidwa nkhani ya Byron Carter, mwini kampani ya galimoto ya Cartercar. Akuti anaima kuti athandize mayi wina yemwe galimoto inamuzimira pamlatho, ndipo handulo inamuthyola nsagwada. Carter anamwalira mu 1908. Mnzake Henry Leland, mkulu wa kampani ya Cadillac, anatsimikiza zoti handulo ichoke pa galimoto zake.

Yemwe anathetsa vutoli ndi Charles Kettering wa ku Dayton, m'chigawo cha Ohio. Akatswiri ambiri ankati mota yamagetsi yoti n'kupukusa injini iyenera kukhala yaikulu kwambiri, yosakwana m'galimoto. Kettering anali atagwirapo ntchito ku kampani ya National Cash Register, komwe anaika kamota m'makina owerengera ndalama m'masitolo, ndipo ankadziwa kuti kamota kakang'ono kamatha kutulutsa mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa osapsa. Kuliza injini kumangofuna masekondi omwewo. Kampani yake ya Delco inapanga sitata, ndipo Cadillac ya 1912 inatuluka nayo. Posakhalitsa Vincent Bendix anapanga kagiya komwe kamathamangira kukaluma mano a fulaiwilo, n'kubwerera kokha injini ikagwira. Ford Model T, galimoto ya anthu wamba, inayamba kupezeka ndi sitata mu 1919.

Mikono inapuma, koma vuto latsopano linabadwa. Handulo ikakanika, aliyense ankaona chomwe chavuta. Sitata inabwera ndi zinthu zambiri zodalirana: batire, nthambo zikuluzikulu, matemino, swichi, ndipo pambuyo pake solenoidi. Batire ya mtovu ndi asidi, yomwe Gaston Planté wa ku France anatulukira mu 1859, inakhala mtima wa zonsezi. Sitata imakoka magetsi oposa ma ampi 100 nthawi imodzi, choncho dzimbiri pang'ono kapena nati yosamanga bwino ndi zokwanira kuimitsa zonse. Lero zigundana bwino, mawa ayi. Apa ndi pomwe panayambira galimoto yolira m'mawa n'kukana madzulo, komanso ntchito ya makaniko wa zamagetsi.

Opanga galimoto anatenga nthawi kuti aikhulupirire sitata kwathunthu. Kuliza injini pongopotoza kiyi kunafala kuchokera mu 1949 ndi galimoto za Chrysler, mabatire anakwera kuchoka pa mavoti 6 kufika pa 12 m'zaka za m'ma 1950, ndipo oteneta inayamba kulowa m'malo mwa jenereta mu 1960. Komabe ma Land Rover akale, omwe anayenda kwambiri m'misewu yafumbi ya ku Malawi ndi ku Zambia, ankabwera ndi handulo yake pobisalira tsiku la mavuto. Citroën 2CV ya ku France inasunga bowo la handulo mpaka pomwe inasiya kupangidwa mu 1990.

M'zaka zonsezo chida chachikulu cha makaniko chinali khutu. Mwini galimoto akadandaula, funso loyamba linali lakuti, "Mukapotoza kiyi ikumachita bwanji?" Ngati ili zii ndipo magetsi a pa dashibodi sakuyaka, diso limapita pa batire ndi matemino, pomwe pamamera ufa woyera mobiriwira wotchinga magetsi. Ikangoti "tha!" kamodzi n'kukhala chete, ndiye kuti timikuwa ta m'kati mwa solenoidi tapsa kapena mabulashi a sitata atha. Kulira kwa "thethethethe" kumatanthauza batire yofooka. Koma ngati sitata ikupukusa bwinobwino injini osagwira, nkhani imachoka pa sitata n'kupita ku mafuta ndi moto wa mapulagi.

Njira zambiri za pamsewu zinachokera m'nzeru yomweyi. Kondakitala wa minibasi yemwe amagwada n'kugogoda sitata ndi sipanala dalaivala akupotoza kiyi sachita matsenga: kugogodako kumagwedeza mabulashi akutha kuti akhudze pomwe ayenera kukhudza. Dalaivala woimika lole pamtsetse usiku amakhala akukonzekera kuitsetsereka m'mawa, giya 2 ili m'kati, n'kusiya kilachi mwadzidzidzi. Anyamata a pa depoti akamva "Tatikankhaniko, achimwene!" amadziwa kuti pali kangachepe ka sopo. Zonsezi zimafikitsa munthu kunyumba, koma sizichiza nthenda.

Kompyuta zitalowa m'galimoto, mndandanda wa zokayikitsa unatalika. Kuchokera mu 1996, galimoto zonse zatsopano zogulitsidwa ku America zinayenera kukhala ndi pulagi ya OBD-II, pomwe makaniko amalumikiza makina owerenga zolakwika zomwe kompyuta yasunga. Mu 1998, Germany ndi Britain analamula kuti galimoto zatsopano zikhale ndi imobilaiza, yomwe imakana kuliza injini ngati siinazindikire kachipangizo ka m'kiyi. Sensa ya kirankishafiti ikayamba kutha imasiya kugwira ntchito injini ikatentha, n'kuyambiranso ikazizira. Pampu ya mafuta, yomwe imamveka kung'ung'udza m'thanki kwa masekondi angapo kiyi ikangotsegulidwa, nayo imatha kudumphadumpha isanaferetu.

Galimoto zogwiritsidwa kale ntchito za ku Japan, zomwe zimalowa m'Malawi kudzera pa madoko ngati Dar es Salaam, zasinthanso mwambo wa pamsewu. Zambiri ndi za otomatiki, ndipo otomatiki siilira ndi kukankha. Imafuna zingwe zojampira ndi batire ya mnzako. Ili ndi swichi yomwe imaletsa sitata pokhapokha giya ili pa P kapena pa N, ndiye swichiyo ikatopa galimoto imakana pa P n'kulira pa N. Ambiri agula batire yatsopano chifukwa cha kaswichi kameneka.

M'magalaja a ku Ndirande kapena ku Biwi, makina owerengera kompyuta tsopano ali pambali pa sipanala. Komabe makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi zakale zomwezija: amagwedeza matemino, amayang'ana nthambo ya ethi yomwe imalumikiza batire ku thupi la galimoto, kenako amayeza batire. Yodzaza bwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini ili yozima, ndipo ikatsika kufika pa 12 imakhala yofunika kutchaja.