Kutumiza makina olemera pa sitima zapamadzi

Makatapila, magireda, mathirakitala ndi makina am'migodi amawoloka nyanja pa sitima, poti ndege ndi yodula ndiponso ambiri sangakwanemo.

Njira yofala ndi sitima za RoRo. Kumbuyo kwake kuli chitseko chachikulu chachitsulo chomwe chimatsitsidwa padoko n'kusanduka mlatho, ndipo makina oyenda amalowa okha, dalaivala ali pachiwongolero. Akafika pamalo pake amawamanga ndi unyolo m'ngodya zonse zinayi, chifukwa katapila akangosesereka panthawi ya namondwe amaphwanya katundu wina. Ubwino wa RoRo ndi wakuti makina amakhala m'kati, kutali ndi madzi amchere omwe amachititsa dzimbiri.

Makina ang'onoang'ono amalowa m'kontena ya mafiti 20 kapena 40. Otambalala amaikidwa pa flat rack, kontena yopanda denga ndi zipupa zam'mbali. Zikuluzikulu, monga mathiransifoma, zimakwezedwa ndi kireni chimodzichimodzi.

Mtengo umawerengedwa potengera kulemera kapena malo amene katunduyo watenga, chomwe chaposa chinzake. N'chifukwa chake otumiza odziwa ntchito amamasula mkono ndi ndowa ya makina okumbira. Kutsuka nakonso si nkhani yamasewera: Australia ndi New Zealand salola makina okhala ndi dothi kapena njere, poopa tizilombo.

Makina obwera ku Malawi amatsikira ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo lole yonyamula katundu wopyola muyezo imafunika chilolezo chapadera m'dziko lililonse lomwe ikudutsa.